Chikasu pa Chitsulo Chakuda: Luso Lopentanso Nambala Puleti Zakale

Mu 1963 boma la California ku America linasintha nambala puleti za magalimoto onse a m'dera lake. Puleti yatsopanoyo inali yakuda, zolemba zake zachikasu: zilembo zitatu, manambala atatu, dzina la California pamwamba, ndi 63 wodindidwa pakona ya kumanja. M'litali inali mainchesi 12, m'lifupi 6, kapena kuti pafupifupi masentimita 30 ndi 15, muyeso umene maboma a ku America ndi Canada anagwirizana mu 1956 kuti opanga magalimoto asamavutike ndi malo omangirapo. Anaipereka mpaka mu 1969, pamene yabuluu inalowa m'malo. Popeza ku California puleti imatsala pagalimoto ngakhale igulitsidwe kangati, Ford Mustang kapena Chevrolet Impala imene ikadali ndi puleti yakuda imadzichitira yokha umboni kuti yakulira kumeneko, kutali ndi misewu ya kumadera ozizira imene amawazamo mchere nthawi ya chisanu, mchere umene umadya galimoto kuyambira kunsi. Ogula magalimoto akale amaidziwa nkhaniyi, ndipo amaiwerengera pokambirana mtengo.

Ndiye mwini galimoto akamaliza kukonza injini, kuwongola bodi, kupenta ndi kusoketsa mipando, amatsala ndi tizitsulo tiwiri, ka kutsogolo ndi ka kumbuyo, topindika, tadzimbiri, tosuluka. Sitolo za zipangizo zimagulitsa pafupifupi chilichonse cha galimoto zimenezi, koma nambala yakeyo ilibe inzake. Apa mpamene amafunafuna mmisiri wopentanso mapuleti. Ambiri mwa amisiriwa amagwirira ntchito m'galaja ya pakhomo, ndipo ntchito imawapeza papositi. Ine ndimawaika pakati pa amisiri apamwamba, chifukwa munthu amatha masabata ali pa chitsulo chimodzi ndi cholinga choti pamapeto pake dzanja lake lisadziwike paliponse. Lamulo nalo, kumene limalola ntchitoyi, limafuna zomwezo.

Wofuna kubwezeretsa chinthu ayenera kudziwa mmene chinapangidwira. Mapuleti a California amapangidwa ndi akaidi kundende ya Folsom, ndipo zakhala choncho kuyambira mu 1947. Kapangidwe ka masiku amenewo kanali kofanana m'ndende zambiri za ku America. Ankadula lata lopyapyala pamuyeso, nkuliika pakati pa zikombole ziwiri zachitsulo, china chotumphuka china cholowa, makina nkutsindira mpaka zilembo zitatumphuka. Puleti yonse ankaiviika kapena kuipopera penti wa pansi, nkuiumitsa pamalo otentha. Kenako inkadutsa pansi pa rola yonyowa ndi penti wa mtundu wachiwiri, ndipo rolayo inkangokhudza pamwamba pa zotumphukazo. Burashi kunalibe. Nchifukwa chake mukaiyang'anitsitsa puleti yosakhudzidwa mumaona kuti m'mphepete mwa chilembo simuli mowongoka ngati modula ndi lumo. Penti anatsikira pang'ono mbali imodzi, mbali inayo nkuperewera, pena pali kadontho kamene palibe anakapukuta. Inali ntchito ya anthu opanga zikwizikwi, olipidwa zochepa kwambiri, ndipo kuthamanga kwawoko kunatsalira pachitsulo.

Puleti ikafika, mmisiri wodziwa sathamangira sandipepa. Amaitsuka ndi sopo ndi madzi ofunda, nkuitembenuzatembenuza padzuwa, ndipo funso lake loyamba limakhala lakuti kodi ikufunikadi kupentedwa. Ku America kuli bungwe la anthu osonkhanitsa mapuleti, la ALPCA, limene linayamba mu 1954. Anthu ake amaika mapuleti m'magulu malinga ndi mmene asungikira, ndipo yopentedwanso amaitchula poyera kuti ndi yopentedwanso. Kwa ambiri a iwo puleti ya penti wake woyamba, ngakhale yofwifwa, imaposa yopentedwanso mwaluso lotani. Mmisiri woona mtima amadziwa zimenezi, choncho akaona kuti penti akadali wogwira ndipo manambala akuwerengeka, amangoipukuta ndi polishi wofewa, nkuibweza kwa mwini wake ndi mawu akuti musaikhudze. Wataya ndalama ya ntchito pamenepo. Koma penti wa ku Folsom akachoka wachoka, ndipo munthu amene amatha kukana kasitomala pa chifukwa chimenechi ndi amene ndingamukhulupirire ndi ina imene yathadi.

Ikakhala yotheratu, asanachotse kanthu amayamba waijambula mbali zonse ndi kusaka mtundu weniweni wa penti. Dzuwa la zaka 60 limasandutsa chikasu kukhala chotuwa, chakuda nkukhala ngati phulusa, kotero zimene diso likuona poyera nzonama. Mtundu woona umabisala pamene dzuwa silinafike: pansi pa wochala wa bawuti, m'mphepete mmene munali felemu ya wogulitsa magalimoto, pansi pa mulu wa masitika a chaka ndi chaka. Masitikawo sawang'amba. Amawafewetsa ndi mpweya wofunda nkuwamatula mosamala, chifukwa imodzi mwa iwo ikhoza kukhala ya chaka chimene lamulo lidzafune.

Kuchotsa penti wakale ndi dzimbiri kuli ndi njira zingapo, ndipo iliyonse ili ndi kumene imalumira. Kositiki soda wosungunula m'madzi amasenda penti pachitsulo bwinobwino, koma puleti ikakhala ya aluminiyamu amaidya yeniyeniyo. Mchenga wopopera ndi mpweya wamphamvu umatha ntchito msanga, nkusiya lata litapindika ngati tsamba louma, motero odziwa amagwiritsa ntchito timikanda tagalasi, mphamvu ya mpweya ataichepetsa. Njira imene imandisangalatsa ndi ya magetsi. M'beseni la pulasitiki amathiramo madzi ndi soda wochapira, puleti nkuilumikiza ku waya wa negetivu wa chaja ya batire, chitsulo china chotayidwa ku waya wa pozitivu, ziwirizo zisakhudzane. Madzi amayamba kutulutsa tithovu, ndipo pakapita maola dzimbiri limafewa nkuyoyoka, chitsulo chabwino chili chikhalire. Imachedwa, koma sichotsa ngakhale pang'ono pa lata limene ndi lopyapyala kale. Fumbi la penti wakale nalo salipuma mwachisawawa, chifukwa penti wambiri wa nthawi imeneyo, makamaka wachikasu, anali ndi mtovu. Amakhula chonyowetsa.

Chitsulo chikayera, mabala onse amaonekera, ndipo apa mpamene mmisiri amasiyana ndi wongoyesa. Puleti ya kutsogolo ndiyo imazunzika kwambiri: yagunda zipupa, yakokedwa ndi unyolo, yapindidwa ndi bampa ya galimoto ina poimika. Lata likapindika limatanuka, ndipo lotanuka silibwerera pongolimenya. Womenya mwaukali amalitanula mowonjezera, puleti nkutupa pakati, ukaisindikiza apa nkutumphukira apo. Amene anaonako wokhoma ndowa kumsika akuzunguliza lata pachitsulo, kanyundo kakugwa pang'onopang'ono iye akumvetsera kulira kwake, amvetsa zimene ndikunena. Mmisiri wa mapuleti amagoneka puleti chafufumimba pa chitsulo chosalala kapena pa thabwa lolimba, nkuyamba kugogoda kuchokera kunja kwa chipindikocho kulowera m'kati, osati pakati penipeni. Pakati pa zilembo nyundo siikwana, ndiye amasema timitengo tolimba tamilomo yosiyanasiyana, kena kolowa m'mimba mwa 8, kena ka pakona ya 7, nkumagogoda pamutu pa kamtengoko. Chilembo chimene chinaphwatalala amachidzutsa kuchokera kumbuyo, atachigoneka pa chinthu chofewa pang'ono kuti chipeze kolowera. Kusamala kwakukulu kumakhala pa mapewa a chilembo, pamene chitsulo chimakwera kuchoka pansi, chifukwa pamenepo chikombole chinachikoka kale ndipo mpopyapyala koposa. Kumenya kamodzi kolakwika pamabooka.

Maso okha sakwanira pa ntchito imeneyi. Amayendetsa chala atatsinzina, amagoneka rula pamwamba pa manambala onse kuti aone ngati akhudza mofanana, amaunika ndi tochi chammbali kuti kamthunzi kaulule pamene patsala. Chimene akuvutikira chonchi chidzaoneka pamapeto. Rola siisankha. Idzakhudza chilichonse chotumphuka, kaya ndi chilembo kaya ndi bundu limene linaiwalika, ndipo chilembo chimene chatsika idzachidumpha.

Mabowo owonjezera, amene wina anaboola ndi msomali pokhomerera puleti kukhoma la galaja, amawatseka ndi kachigamba kachitsulo kumbuyo kapena ndi mtovu wowotcherera, moto uli wochepa kuti lata lisapotoke. Timaenje ta dzimbiri amatidzaza ndi fila wopyapyala nkukhula mpaka atsale m'maenjemo mokha. Andakoti amapopera wopyapyalanso, chifukwa wokhuthala amadzaza makona, zilembo nkuoneka zonenepa ndi zofewa ngati zasungunuka. Penti wakuda akafika, chiyeso chimakhala chofuna kuti anyezimire ngati bodi ya galimoto. Ambiri amagwa pamenepa, amathiranso vanishi wokhuthala pamwamba, puleti nkuoneka ngati yamizidwa m'madzi. Yoyambayo sinali choncho. Inali ndi kuwala kwa penti wamafuta wamba, ndipo mmisiri wabwino amaima pomwepo. Akatero amaisiya masiku ambiri, ena masabata, kuti penti alimbe mpaka m'kati, chifukwa posachedwa adzafunika kupukutapo ndi thina ndipo safuna kuti wakudayo anyamuke.

Tsopano zilembo. Pali amene amagwira burashi ya olemba zikwangwani, ya ubweya wautali wofewa, nkuiviika mu penti wamafuta wa zikwangwani amene amadziyala yekha mizere ya burashi nkuzimiririka. Dzanja logwira burashi amalitsamiritsa pa linzake kapena pa kandodo, ndipo mzere uliwonse amaukoka kamodzi, atagwira mpweya. Ndi luso lenileni ndipo ndimalilemekeza, koma zotsatira zake zimakhala zaudongo mopitirira. Pali ena amene amayamba kupenta puleti yonse chikasu, kuphimba ndi vanishi, kupoperapo wakuda, kenako kukhula pamwamba pa zilembo mpaka chikasu chitatulukira. Malire ake amatuluka osalala, ndipo woyamba kumene njirayi amaipeza yosavuta. Koma wodziwa akayandikira amaona kuti chikasu chili pansi pa chakuda, pamene ku Folsom chinali pamwamba.

Ya rola ndiyo njira imene imabwezera puleti kwawo. Mmisiri amadontheza penti wachikasu pa galasi lathyathyathya, nkumayendetsapo rola ya labala wolimba, uku ndi uku, mpaka pentiyo atayala mopyapyala mofanana. Amamvetsera. Penti akachuluka rola imalira monata, akakwanira imangoti sii pang'ono. Rola yofewa imamira nkupaka m'mapewa ndi pansi pomwe, yolimba kwambiri imalumpha pamene chilembo chatsika ndi mpang'ono pomwe. Puleti amaikhazika poti isagwedere, mbali zake atazitchinjiriza, ndipo rola imadutsa ndi kulemera kwake kokha, dzanja likungoilondolera. Ulendo woyamba chakuda chimaonekerabe pansi, chifukwa chikasu ndi penti wovuta kuphimba, ndipo wosaleza mtima amatsindira kuti amalize. Wodziwa amasiya ziume, nkudzabwereza mawa. Dzina la California limavuta mwapadera popeza zilembo zake nzazing'ono ndi zoyandikana, ndiye pamafunika karola kakang'ono ndi dzanja lopepuka koposa. Pamene rola yadetsa pansi amapukuta ndi kansalu kokulunga pa kamtengo, konyowetsa thina pang'ono chabe.

Chimene chimandigwira mtima ndi zimene amasiya dala. M'mphepete mwa chilembo mukatuluka mofewa pang'ono, monga mmene rola imachitira, samukonza. Ali nayo burashi pambali, ndipo akanatha kuwongola mzere uliwonse kuti aliyense aone kuti pano panadutsa katswiri. Amaileka, chifukwa muyeso wake ndi ntchito ya mkaidi wa 1963 amene dzina lake silidziwika, ndipo kumuposa mkaidiyo kukanakhala kuphonya. Amisiri ambiri, tikanena zoona, amafuna kuti ntchito yawo iwatchule. Uyu amadziletsa pa mphindi yeniyeni imene luso lake likanaonekera kwambiri, ndipo kudziletsa kumeneku kumaphunziridwa mochedwa kuposa kugwira nyundo.

Nanga lamulo? Chovuta chake nchakuti nambala puleti ku America ndi chikalata cha boma cholembedwa pachitsulo. New York itayamba kulembetsa magalimoto mu 1901, eni ake ankadzipangira okha zizindikiro, koma kuyambira mu 1903, pamene Massachusetts inayamba kupereka mapuleti ake, maboma anatenga ntchitoyo mmodzimmodzi mpaka chitsulo chenichenicho chinakhala umboni. Boma lililonse lili ndi malamulo ake, ndipo zololedwa kwina nzoletsedwa ukangowoloka malire. Ku California gawo 4464 la malamulo a magalimoto limaletsa kuyenda ndi puleti imene yasinthidwa kuchoka mmene inalembedwera poyamba. Munthu amene watenga puleti yoyera ya masiku ano nkuipaka kapena kuimata chakuda kuti igwirizane ndi galimoto yake walakwa, palibe zokambirana. Wapanga chinthu chimene boma silinapereke, waphanso kunyezimira kumene kumathandiza kuti iwerengeke usiku. Koma wopaka chakuda pamene panali chakuda, chikasu pamene panali chikasu, nambala ili yomweyo, wasintha chiyani? Apa mawu a lamulo amasiya mpata, ndipo mpatawo umadzazidwa ndi diso la wogwira ntchito ku ofesi yolembetsa magalimoto ya DMV, kapena la wapolisi pamsewu. Mapuleti ambiri opentedwanso bwino adutsa pamaso amenewo. Olakwika mtundu ndi onyezimira mopitirira ndi amene amadzutsa mafunso.

Maboma ambiri ali ndi dongosolo limene amalitcha YOM, lolola galimoto yakale kuyenda ndi puleti ya chaka chimene inapangidwa, ngakhale puletiyo sinali yake poyamba. Ku California amafuna kuti mapuleti akhale enieni operekedwa ndi boma, akhale awiri ofanana, sitika ikhale ya chaka cha galimotoyo, ndipo nambalayo isapezeke kuti ikugwira ntchito pa galimoto ina m'kaundula. Chomalizachi ndicho chimagwetsa anthu. Munthu amagula mapuleti pamsika wa zakale, kulipira mmisiri, kudikira mwezi, nkukamva ku ofesi kuti nambalayo ili ndi mwini wake. Mmisiri wosamala amafunsa kasitomala asanayambe ngati anafufuza kale, ndipo ngati sanatero amamutuma kaye. Boma la Washington linachita bwino polemba poyera: lili ndi gulu la mapuleti obwezeretsedwa, limafuna kuti puleti ikhale yoperekedwa ndi Washington ya chaka cha galimotoyo, yokonzedwa moti izindikirike kuti ndi ya chaka chimenecho, ndipo yongopanga potengera yakale saivomera. New York nayo imaumirira pa puleti yeniyeni ndipo imakana yotsanzira. Alipo maboma ena amene safuna ngakhale dontho la penti watsopano, kotero kumeneko puleti yokongola ya mmisiri imathera kukhoma kapena pa chionetsero cha magalimoto, galimoto nkubwerera kwawo ndi puleti yamakono.

Ine ndimaona kuti a ku Washington ndiwo anaganiza mozama. Chimene boma liyenera kuteteza nchakuti nambala iwerengeke, ikhale ya galimoto imodzi, ndipo woiona adziwe kumene inachokera. Puleti yadzimbiri imene manambala ake afufutika imalephera pa choyambacho, pamene yobwezeretsedwa mokhulupirika imakwaniritsa zonse. Komabe oletsawo sindiwanyoza. Penti watsopano amabisa zambiri: pansi pake 3 akhoza kusanduka 8, mapuleti awiri akhoza kulumikizidwa kukhala imodzi, yopangidwa dzulo m'fakitale ikhoza kunamizira ukale. Wogwira ntchito pa kauntala si katswiri wa zitsulo, ndipo kukana zonse nkosavuta kuposa kusiyanitsa. Kuti maboma amaumira bwanji pa chitsulochi zinaoneka ku New Hampshire, kumene George Maynard, wa Mboni za Yehova, anaphimba mwambi wa boma wolembedwa pa puleti yake chifukwa unkatsutsana ndi chikhulupiriro chake, ndipo anakhala m'ndende masiku 15. Bwalo lalikulu la America linagamula mu 1977 kuti boma silingamukakamize kuonetsa mwambiwo. Nambala yake anali asanaikhudze nkomwe.

Ku Britain nkhaniyi inayenda mosiyana. Kumeneko boma limapereka nambala, koma chitsulo kapena pulasitiki amapanga ndi amalonda olembetsedwa. Kuyambira mu 1973 magalimoto amayenda ndi puleti yonyezimira, yoyera kutsogolo ndi yachikasu kumbuyo, koma galimoto yopangidwa 1 Januwale 1980 isanafike, imene yalembetsedwa m'gulu la magalimoto akale, imaloledwa yakuda ya zilembo zasiliva kapena zoyera. Mwini wake amangogula yatsopano yodindidwa mwachikale. Wolakwitsa akhoza kulipira mpaka mapaundi 1,000. Ntchito ya wopentanso ilipo kumeneko, koma ilibe kulemera komwe ili nako ku California, kumene chitsulo cha 1963 chikatayika palibe angakupangireni china chovomerezeka cha 1963.

Pali mapuleti amene penti safikako. A Massachusetts a 1903 aja, amene nambala 1 yake inapita kwa Frederick Tudor, anali chitsulo chokutidwa ndi galasi losungunulira m'ng'anjo, mofanana ndi mbale za enamelo. Sasuluka, koma akagundidwa amabenthuka, ndipo chodzazira chilichonse chimaoneka ukachiyang'ana chammbali. Boma la Delaware, kumene manambala aang'ono amagulitsidwa ngati chuma moti nambala 6 inagulidwa madola 675,000 mu 2008, linathetsa vutoli polola eni manambala ena akale kupangitsa mapuleti atsopano a enamelo, akuda a zolemba zoyera. A Illinois a zaka za 1943 mpaka 1948, nthawi imene chitsulo chinkasowa chifukwa cha nkhondo, anali a bolodi lotsindira, ndipo nyundo ilibe chochita nawo. Mbali inayi kuli amakono, okutidwa ndi pepala lonyezimira la timikanda tagalasi. Pepalalo likamatuka, penti sangabweze kunyezimirako, ndipo njira yake ndi kukatenga ina ku boma. Maboma ena anasiyiratu kudinda, amasindikiza manambala ndi kompyuta pa puleti yathyathyathya, pamene rola ya mmisiri ilibe pokhudza. Luso limeneli lili ndi zaka zake, kuyambira pamene enamelo inatha kufikira pamene zonyezimira zinafala, ndipo mapuleti a zaka zimenezo sakuwonjezeka.

California yokha inaona kuti anthu ake sanaiwale chakuda ndi chikasu. Lamulo la mu 2012 linalola kubweretsanso maonekedwe akale ngati anthu 7,500 ataitanitsiratu, ndipo mwa mitundu itatu imene inaikidwa, wakuda wokha ndiwo unakwanitsa. Mu 2015 mapuleti akuda atsopano anayamba kutuluka, ndipo aliyense akhoza kuwaika pa galimoto ya chaka chilichonse. Ena anaganiza kuti amisiri aja ntchito yawathera. Koma yatsopanoyo imanyezimira nyale zikaiwomba, ndipo ilibe 63 pakona. Mwini Mustang ya 1965 amene wathera zaka akusaka bawuti yoyenera sangakhutire nayo.

Patsala vuto limodzi limene luso lenilenilo limabala. Mmisiri akafika poti ntchito yake siisiyana ndi ya ku Folsom, puletiyo ikhoza kudutsa m'manja awiri atatu nkudzagulitsidwa ngati yosakhudzidwa, pa mtengo wa yosakhudzidwa. Osonkhanitsa ali ndi njira zawo zoigwirira. Amainunkhiza, chifukwa penti wamafuta watsopano amakhala ndi fungo kwa nthawi yaitali. Amaitembenuza kuti aone ngati kumbuyo kuli zipsera za nyundo kapena penti wosalala mosagwirizana ndi msinkhu wake. Amayendetsa kamaginito kofooka, kamene kamagwira mopepuka pamene pali fila. Amayang'ana m'mabowo a mabawuti, chifukwa puleti imene inamangidwapo zaka zambiri imakhala ndi mkombero wa wochala, ndipo yopentedwanso ilibe. Ine ndikanakonda kuti mmisiri aliyense aziwapulumutsa ku ntchito yonseyi polemba kumbuyo, ndi penti wosafufutika, kuti puletiyi inapentedwanso, ndi chaka chimene anaipenta. Kumbuyoko wapolisi sakuona, ku chionetsero sakuona, ndipo zolembedwa za kutsogolo zimene lamulo limateteza zimakhala mmene zinalili. Wogula wa zaka 20 zikubwerazo akadzamasula mabawuti adzadziwa chimene wagwira, ndipo adzalipira mtengo wake woyenera.